Giyabokosi ikulira, wophunzira ali pa TikTok: yankho langa kwa Madamu

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa umakaniko pa sukulu ina ya ntchito zamanja kuno ku Zomba. Akuti akafika pa phunziro la phokoso ndi kunjenjemera kwa magiya, nkhope zambiri m'kalasi zimakhala zitaweramira pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Akufunsa kuti alande mafoniwo kapena awasiye, poti ophunzirawo ndi anthu akuluakulu, ena mpaka ali pabanja.

Madamu, kalata yanu yandigunda pa chilonda. Ana mukunenawo akachoka m'manja mwanu amagwera m'manja mwa ife a m'magalaja, kalata ya attachment ili m'manja, ovololo ikadali yonunkhira kusitolo. Zimene inu mumaona pa desiki, ine ndimaziona kunsi kwa galimoto yokwezedwa pa jeke, ndipo kumeneko zimaopsa kwambiri.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo anawa, chifukwa nawonso ali ndi mbali yawo. Foni ya mwana wa sukulu masiku ano ndiyo imalandira ndalama ya lendi ndi ya ufa, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kuchokera kwa amalume kapena achemwali. Mabuku enieni a umakaniko ndi odula, ndiye zambiri amawerengera pa foni yomweyo. Chitsekereni sukulu mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, pafupifupi kalasi iliyonse ili ndi gulu lake la WhatsApp, ndipo amene anawazoloweza kuti uthenga wofunika uzidzera kumeneko ndi aphunzitsi omwe. Ena ali ndi kageni: wina akugulitsa kaunjika, wina wapereka njinga yake ya kabaza kwa mnzake ndipo akudikira kumva ngati yabwera bwino. Choncho munthu akamati foni ndi chida cha Satana, ine sindivomera. Inenso chithunzi cha mawaya a galimoto yachilendo ndimachifuna pa foni.

Koma ndikuuzeni za minibasi ina ya Hiace imene inkayenda pakati pa Zomba ndi Liwonde. Eni ake anali bambo achikulire amene anathiramo ndalama zawo zonse za penshoni. Anafika pa galaja panga nkhope ili yakugwa, akuti galimoto ikulira. Anali atapita kale ku galaja ina kumene anawauza kuti giyabokosi yatha. Anakongola ndalama ku banki mkhonde ya mayi a kunyumba, nakagula giyabokosi ina yogwirapo kale ntchito ku Limbe. Anaimanga, analipira amisiri, anathira oyilo watsopano, koma atangotuluka pa msewu kulira kuja kunali pompo. Apasenjala ankadandaula, dalaivala ankangokweza wailesi kuti asamve, ngongole nayo ikubereka.

Nthawi imeneyo ndinali ndi ophunzira awiri a attachment, mnyamata ndi mtsikana. Mnyamatayo anali wamutu, manja opepuka, ukamuonetsa chinthu kamodzi wagwira. Mtsikanayo anali wofatsa, wosalankhulalankhula, ndipo madalaivala ena ankamuderera, kumufunsa ngati angathe kunyamula tayala. Ndinawakweza onse awiri. Mnyamata ndinamuika kutsogolo pafupi ndi ndodo ya giya, mtsikana ndinamuuza akhale mpando wakumbuyo, pamwamba penipeni pa difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo limene limagawira mphamvu ku matayalawo. Ndinati tikangodutsa Chinamwali kulowera ku Domasi pasapezeke wolankhula, wailesi izimitsidwe, aliyense atchere khutu.

Pa msewu wa M3 ndinaikoka mpaka cha m'ma 70, ili mu giya folo. Phokoso linalipo koma lapansipansi. Nditachotsa phazi pa moto, kulira kunakwera, kuti uuuu, kwa masekondi ochepa chabe, kenako kunazilala liwiro litatsika. Ndinapondanso moto, n'kubwerera pa liwiro lomwe lija, n'kulowetsa giya faifi. Mawu a injini anatsika, koma kulira kuja kunakhala pa mlingo womwewo. Ndinaponda kilatchi kuti galimoto iziyenda yokha: kulira kunachepa, kunatsala kaphokoso kokhuta kamene kankatsika pamodzi ndi liwiro. Tinaima pambali pa msewu tisanafike ku Domasi.

Ndinafunsa mnyamata uja kuti, “Mphwanga, wamva chiyani?” Iye anati, “Ikuliradi, abwana.” Ndinati, “Imalira nthawi iti?” Anangoti chete. Foni inali pa ntchafu pake, zigoli za mpira wa usiku wathawo zikuyendabe, atazimitsa mawu kuti ndisadziwe. Mtsikana uja ali kumbuyo anayankha motsitsa: “Abwana, si giyabokosi iyi. Mutasintha giya kulira sikunasinthe. Kumakula mukachotsa phazi pa moto, ndipo kukuchokera pansi pa mapazi angawa.”

Titatsegula difu tinapeza bering'i ya piniyoni itadyeka, piniyoniyo (giya yaing'ono imene imazungulitsa giya yaikulu ya mu difu) ikugwedera, silu ikutaya oyilo, ndipo mano atayamba kuperepeseka mbali imene imagwira galimoto ikamatsetsereka. Giyabokosi yakale ya bambo aja, imene anaitaya kuseri kwa nyumba, mwina inalibe vuto lililonse. Mpaka lero ndikawaganizira mtima umandiwawa, chifukwa chimene chinawadyera ndalama si kusowa kwa zipangizo za makono ku galaja inayo. Panangosowa munthu woti akhale chete m'galimoto n'kudzifunsa funso limodzi: kodi phokosoli likutsatira injini kapena likutsatira matayala? Chilichonse chimene chili kutsogolo kwa giyabokosi chimayendera liwiro la injini. Chilichonse chimene chili kumbuyo kwake, propshaft (chitsulo chachitali chozungulira chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku difu), difu, ma bering'i a matayala, chimayendera liwiro la galimoto. Ukasintha giya pa liwiro limodzimodzi, wazilekanitsa ziwirizi popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi.

Mnyamata uja sanagone, sanachite mwano, ndipo sikuti anakhala pa foni ulendo wonse. Anangoweramitsa mutu kanthawi kochepa. Koma kanthawi komweko ndi kamene galimoto inalankhula. Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa phunziro lanu, Madamu, ndi maphunziro ena. Tanthauzo la mawu mwana akaliphonya alipeza m'kope la mnzake madzulo. Kulira kwa difu pamene phazi lachoka pa moto sikulembeka m'kope, ndipo sungakubweze m'mbuyo ndi chala.

Amene anandiphunzitsa ine ntchitoyi anali mkulu wina amene anayambira m'magalaja a boma nthawi imene Zomba inali likulu, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mkuluyo ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa chikopa cha giyabokosi, chogwirira n'kuchitsamiritsa pa fupa la kuseri kwa khutu, n'kutsinzina. Ankatha kukhala choncho mpaka iwe woonerera miyendo kutopa. Akadzuka ankakupatsa sikuludilaivayo osanena kanthu, kuti nawe umve, ndipo sankakuuza yankho mpaka utanena lako. Ukayang'ana kumbali poti kwadutsa munthu pa msewu ankangoti, “Mapanga awiri avumbwitsa, mwana iwe.” Ndi iye anandiphunzitsa zimene mpaka pano ndimadyera. Galimoto ikamachita phokoso ili pa nyutulo, ukaponda kilatchi phokosolo n'kusiya, kayang'ane ku shafti yolowera m'giyabokosi ndi bering'i yake, kapena mpata wa pakati pa mano, chifukwa kilatchi ikapondedwa shaftiyo imaima. Phokoso likamabwera pokhapokha waponda kilatchi, ndi release bearing, bering'i imene imakankha kilatchi ukaiponda. Pa galimoto zambiri zokankha ndi matayala akumbuyo, monga Hilux ndi Hiace zakale, giya folo imalumikiza shafti yolowera ndi yotulukira mwachindunji, katundu sadzera ku shafti yam'munsi. Ndiye ikamalira m'magiya ena onse koma mu folo n'kukhala chete, wadziwa kale kumene ukayambire. Livesi ikamalira usaopseze mwini galimoto: pa magiyabokosi ambiri mano a livesi ndi owongoka, amagundana dzino lonse nthawi imodzi, pomwe magiya opita kutsogolo ali ndi mano opendekera amene amalowana pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amayenda mofatsa. Zonsezi zimadzera m'khutu, m'phazi ndi m'chikhatho. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene chingalowe mwa munthu amene maso ake ali pa vidiyo.

Ndiye poyamba paja ndawaikira kumbuyo, koma pofika apa sindinyengereranso. Mu workshop ndi pa test drive foni ilibe malo, ndipo nkhani yoti ndi akuluakulu siigwira. Ukulu wa munthu suletsa propshaft yozungulira kukola mkono wa ovololo. Suletsa fani kudula chala, kapena galimoto kutsetsereka pa jeke pamene amene amayenera kuyang'anira akuyankha uthenga. Choipitsitsa ndi timahedifoni tija topanda mawaya tobisika pansi pa chipewa. Makaniko wotseka makutu samva mnzake akukuwa kuti “zimitsa!” Pa galaja panga amene ndamupeza nato amabwerera kunyumba tsiku limenelo, ndipo izi ndimanena pa tsiku loyamba kuti pasadzakhale kudabwa.

Ena amati ana a masiku ano amatha kuchita ziwiri nthawi imodzi. Satha. Ubongo wa munthu umangodumpha, uku pang'ono uku pang'ono, ndipo podumpha paliponse pamagwa kanthu. Komanso tisamaiwale kuti mwanayo akulimbana ndi chinthu chimene chinapangidwa dala kuti chisamusiye. Mavidiyo a TikTok ndi Facebook alibe tsamba lomaliza. Ukangokankha chala pabwera ina, sudziwa ngati ikhale yoseketsa kapena ayi, ndipo kusadziwako ndi kumene kumakoka chala kuti chikankhenso. Makampani amenewa amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa, ndiye mphindi iliyonse imene mwana wanu wakhala pamenepo kwa iwo ndi phindu. Kuuza mwana wa zaka 19 kuti “udziletse” foni ili m'thumba mwake ikunjenjemera, n'kumusiya yekha pa nkhondo imene ngakhale ife akuluakulu imatigwetsa pa maliro ndi m'tchalitchi momwe.

Nkhaniyi si ya kuno kokha. Ku France anakhazikitsa lamulo mu 2018 loletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15. Bungwe la UNESCO mu lipoti lake la 2023 linalangiza kuti zipangizo zoterezi zizilowa m'kalasi pokhapokha ngati zikuthandizadi kuphunzira. Koma chimene chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa Louis-Philippe Beland ndi Richard Murphy wa mu 2015, amene anaona sukulu za ku Birmingham, London, Leicester ndi Manchester. Anapeza kuti sukulu zitaletsa mafoni zotsatira za mayeso zinakwera, ndipo amene anapindula kwambiri anali ana ovutika m'kalasi, pomwe anzeru kale aja sizinawasinthe kwenikweni. Taganizirani zimenezo, Madamu. Mukalekerera foni poopa kuoneka ankhanza, amene mukumupweteka si wochenjera uja, iye apeza njira. Mukupweteka uja wochokera ku Jali kapena ku Mayaka amene Chingerezi chikumuvuta kale, amene makolo ake anagulitsa mpunga kuti alipire fizi. Kafukufuku wina wa ku Canada mu 2013 anaonetsa kuti ngakhale wophunzira amene wangokhala poti akuona sikirini ya mnzake wosewera pa laputopu, naye amamva zochepa. Ndiye mawu oti “ndi moyo wanga, ndi fizi yanga” ndi abodza. Akuba ndi za mnzake wapambali.

Tsono ndilankhule ndi aphunzitsi, ndipo mundikhululukire ngati ndilasa. Ophunzira amene amabwera kwa ine ndimawafunsa kuti munaphunzira bwanji za giyabokosi. Ambiri amati aphunzitsi ankawerenga manotsi, kenako manotsi omwewo ankatumizidwa pa gulu la WhatsApp madzulo. Nanga mwana amvetsere chifukwa chiyani, pomwe zonse zimene zikunenedwa azipeza pa foni usiku? Ena afika chaka chachiwiri asanagwirepo ndi dzanja synchro ring, mphete imene imathandiza giya kulowa bwino, asananunkhizepo oyilo wa difu wopserera. Ndikudziwa kuti zipangizo n'zochepa, ndikudziwa kuti kalasi imodzi imakhala ndi anthu ochuluka pa giyabokosi imodzi, ndipo malipiro a mphunzitsi sakwanira mwezi. Komabe phunziro limene lingathe kulowa lonse mu PDF lagonja kale kwa foni lisanayambe. Kulanda mafoni kenako n'kupitiriza kuwerenga manotsi kungokupatsani kalasi ya anthu oyang'ana pa windo.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa, ngakhale chikupatuka pang'ono. Taonani galimoto zimene zadzaza pa depoti ya Zomba ndi pa Matawale masiku ano: Sienta, Freed, Passo, Note, Vitz. Zambiri mwa izo ndi za otomatiki, ndipo zina ndi za CVT, zimene m'malo mosintha magiya a mano zimayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. CVT ili ndi oyilo wakewake, si ATF, oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki. Ndalandirapo galimoto zonjenjemera ponyamuka chifukwa wina anathiramo oyilo wolakwika ataonera kavidiyo kofulumira ka munthu wa kunja amene ankakonza mtundu wina wa galimoto. N'chimodzimodzi ndi GL-4 ndi GL-5, mitundu iwiri ya oyilo wa magiya. Difu ya mtundu wa hypoid imafuna GL-5 chifukwa mano ake amakhulana mwamphamvu, koma m'magiyabokosi ena amene opanga analemba GL-4, oyilo wa GL-5 sagwirizana bwino ndi ma synchro ring a mkuwa, magiya amayamba kukana kulowa. Mnyamata wozolowera mavidiyo a masekondi 30 safika pa tsamba la buku pamene palembedwa zimenezi. Amafuna yankho lachangu, ndipo amene amalipira kufulumirako ndi mwini takisi amene amadyetsa banja ndi galimoto imodziyo. Ngakhale kuyang'ana maginito a pa bawuti yotulutsira oyilo kumafuna kudekha: tiutuchi tosalala ngati phala ndi kutha kwa masiku onse, koma tizidutswa togwirika ndi chala ndi dzino kapena bering'i imene ikusweka.

Masamu amene amatsegula makutu

Izi ndi zimene ndikanakonda muwapatse ana anu asanamve phokoso lililonse, chifukwa khutu limamva bwino likadziwa chimene likusaka. Tengani galimoto yoyenda pa 80 km pa ola. Pa sekondi imodzi ikuyenda mamita pafupifupi 22. Ngati tayala lake likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2, ndiye kuti likuzungulira ka 10 pa sekondi. Tinene kuti difu yake ndi ya 4.10, kutanthauza mano 41 pa crown wheel, giya yaikulu ya mu difu, ndi mano 10 pa piniyoni. Propshaft ikuzungulira ka 41 pa sekondi. Mano a mu difu akugundana ka 410 pa sekondi, chifukwa ndi mano 10 kuchulukitsa ndi 41. Lamulo lake ndi lomwelo pa giya iliyonse: chiwerengero cha mano kuchulukitsa ndi maulendo amene shafti ikuzungulira pa sekondi.

Manambala atatuwa thupi limawalandira mosiyana. Ka 10 pa sekondi khutu silimva, poti munthu amayamba kumva cha pa 20 Hz, kutanthauza ka 20 pa sekondi. Kumeneko ndi kugwedezeka kwa chiwongolero kapena mpando, ndipo nthawi zambiri ndi tayala losachita balansi kapena limu yopindika. Ka 41 ndi kunjenjemera kwa pansi pa mapazi, galasi loonera kumbuyo n'kumachita chimbuuzi, ndipo apa kaone propshaft ndi centre bearing, bering'i imene imaigwira pakati. Ngati wina anamasula propshaft n'kuibwezera ma universal joint, mfundo zake zopindikira, atasemphana, kunjenjemera kumabwera kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndiye cha pa 82. Koma 410 ndi kulira kwenikweni, kuli pafupi ndi noti ya A pa kiyibodi ya kwaya, imene ndi 440 Hz. Mwana amene amaimba kwaya ku tchalitchi angathe kukuimbirani kulira kwa difu, ndipo ndaonapo oimba akugwira msanga phunziroli kuposa anzawo.

Nanga dzino limodzi likabenthuka? Ganizirani amayi atatu akusinja pa mtondo umodzi, misi ikugwa motsatana bwinobwino. Mmodzi akatopa n'kumachedwa pang'ono, ngakhale uli kuseri kwa nyumba umamva kuti pali dzanja lina limene likuphonya, ndipo kuphonyako kumabwera nthawi yake ikakwana basi. Dzino lowonongeka limatero: limagogoda kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa giya yake. Likakhala pa piniyoni ligogoda ka 41 pa sekondi, likakhala pa crown wheel ka 10. Palinso chinthu china chokongola chimene opanga magiya anachita dala. Manambala 41 ndi 10 palibe nambala imene imawagawa onse awiri kupatula 1, choncho dzino lililonse la piniyoni limakumana ndi mano onse 41 lisanabwerere kwa loyamba lija, kuti kudyeka kufalikire mofanana. Mano awiri omwewo amakumananso crown wheel ikazungulira ka 10. Pa liwiro lathu lija ndi kamodzi pa sekondi. Ndiye kukakhala dzino loipa uku ndi lina uko, mumva kugunda kokulirapo kamodzi pa sekondi, pansi pa maphokoso ena onse a galimoto. Kuti munthu akugwire ayenera kukhala phee kwa kanthawi ndithu, akuwerenga mumtima. Uthenga umodzi wolowa pa foni, kuwerenga kuja kwasokonekera.

Ana akamva izi nkhope zimasintha, Madamu. Masamu amene ankawada ku sekondale amapezeka kuti ndi amene akuwauza bawuti yoti amasule.

Nanga foniyo singathandize?

Ingathe, ndipo ndimaigwiritsa ntchito, koma imodzi, nthawi yake, aliyense akuona. Mu foni muli kachipangizo kotchedwa accelerometer, kamene kamadziwa kuti mwaitembenuza. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa phyphox, yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imene imaonetsa kunjenjemera ndi phokoso pa girafu. Mukaigoneka foni pansi pa galimoto mkati, itakanikizidwa bwino, imatha kuonetsa ka 10 ka tayala ndi ka 41 ka propshaft. Kulira kwa mano a difu accelerometer ya mafoni ambiri siikufikira, chifukwa kuti chipangizo chione kunjenjemera chiyenera kuyeza mofulumira kuposa kawiri liwiro la kunjenjemerako. Pamenepo gwiritsani maikolofoni ya foni yomweyo, imene imajambula mawu ka 44,100 kapena 48,000 pa sekondi. Pa girafu muona nsonga cha pa 410. Mukaona tinsonga tina m'mbali mwake, cha pa 369 ndi 451, totalikirana ndi 41, vuto lili ku mbali ya piniyoni. Tikakhala pa 400 ndi 420, kayang'aneni crown wheel. Akatswiri oyang'anira makina m'mafakitale akuluakulu amayendera nzeru yomweyi, kungoti zipangizo zawo ndi zodula.

Koma dongosolo lake lisasinthe: khutu liyambe, mwana alembe pa pepala chimene akuganiza, masamu atsatire, foni ibwere pomaliza kudzatsimikiza. Mukayamba ndi foni, mupanga makaniko amene batire ikatha nayenso nzeru zatha, ndipo kuno magetsi tikudziwa mmene amachitira. Komanso galimoto yofera pa msewu wokwera ku Ku Chawe kapena ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa siidikira kuti mupeze potchajira.

Mtsikana uja, poti mwina mukufuna kudziwa, anamaliza maphunziro ake ndipo akugwira ntchito pa galaja ina yaikulu. Mnyamata uja sindinamuthamangitse. Tsiku lotsatira ndinamupatsa difu yomweyo kuti aimange yekha ine ndikuyang'ana: kuika bering'i zatsopano, kumanga nati ya piniyoni mpaka kulimba kwake kufike pa muyeso wa m'buku, kuyeza mpata wa mano ndi dial gauge, umene pa madifu ambiri a Toyota umakhala pakati pa 0.13 ndi 0.18 mm, kenako kupaka utoto wabuluu pa mano kuti aone pamene akugundana. Ntchito imeneyo manja onse awiri amakhala ali oyilo okhaokha, ndipo ukalakwitsa pang'ono umamasulanso zonse. Anatuluka thukuta, anakwiya, anabwerezanso, ndipo chizindikiro cha buluu chitakhala pakati pa dzino anandiitana mokuwa kuti ndidzaone. Foni yake inali mu bokosi la zida tsiku lonse ndipo sanaifunse. Ana awa si opusa ndipo si aulesi. Ambiri sanapatsidwepo ntchito yolemera mokwanira kuti iwagwire mutu wonse.

Tsono pa funso lanu lenileni. Musalande foni m'manja mwa munthu, zimabala chidani ndipo ikasowa kapena kusweka mlandu ukhala wanu. Gwirizanani ndi akuluakulu a sukulu, kenako pa tsiku loyamba la teremu muuze kalasi lamulo ndi chifukwa chake: polowa, mafoni onse azimitsidwe n'kuikidwa mu bokosi lokhoma limene lili poonekera, yanunso ikhale momwemo, kiyi asunge class rep. Pakati pa phunziro pakhale mphindi zisanu zoti aone mauthenga. Amene ali ndi mwana wodwala kapena wodwala ku Zomba Central anene musanayambe, foni yake ikhale pa tebulo panu yoyatsa. Manotsi musamatumize onse pa gulu, tumizani mafunso.

Phunziro lenilenilo liyambe ndi phokoso. Pemphani ku magalaja a ku Matawale ndi ku Chinamwali magiya ndi ma bering'i otha, ambiri amangowaunjika kudikira ogula zitsulo. Muziwazungulitsa ndi dzanja ana atatsinzina, aliyense alembe chimene wamva asanaone. Ine pano ndili ndi difu yakale ya Hilux yobenthuka dzino limodzi pa crown wheel, ndi giyabokosi imodzi imene bering'i ya shafti yam'munsi inatha. Ndiyankheni tipangane tsiku, mutumize ophunzira anayi ndi wilibala, chifukwa n'zolemera, ndipo abwere ndi chigubu poti mu difumo mukadali oyilo.